Maminitsi a Feggie

Lachitatu, 2 Epulo

Msonkhano wa kalabu yathu ya alimi a fodya, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Anthu 34: amayi 21, abambo 13. Ochedwa 6. Tinayamba 2:20 m'malo mwa 2 koloko.

Kunabwera mlendo wochokera ku Boma, a Redson, a ofesi yatsopano ija akuti Yoona za Bata m'Midzi. Mwana wamng'ono ndithu. Taye yofiirira, nsapato zosadziwa fumbi. Anawerenga kalata ya masamba awiri, anakodwa katatu. Mfundo zake ziwiri. Kuyambira mwezi uno anthu oposa khumi asakumane popanda chilolezo cha ofesi yawo. Ndipo pa msonkhano uliwonse pakhale mlembi wovomerezeka, wolemba amene abwera, amene alankhula ndi zimene alankhula, n'kutumiza ku Boma pasanathe masiku awiri.

Sindinakonde. Ndinali ndi zaka 19 pamene ankatiimitsa pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani. Fungo lake ndi lomwelo. Koma sindinatsutse, podziwa kuti akafunsa za mlembi onse atembenukira kwa ine. Zaka 17 ndikulembera kalabu imeneyi. Mabuku 9, palibe tsamba long'ambika.

Sanafunse. Dzina anabwera nalo kale. Feggie.

Feggie! Amene ndinamuphunzitsa ine zaka ziwiri, nalephera mayeso a Sitandade 8 kawiri konse. Amene mpaka lero polemba dzina lake lilime limakhala panja. Anamupatsa buku lachikuto chakuda, foni, ndi chikwama chokhala ndi chidindo. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaomba kanayi.

A Redson akuti: "Amayi apume, atumikira mokwanira." Anawauza ndani kuti ndatopa?

Loweruka, 5 Epulo

Kusankha fodya tsiku lonse m'chigafa, ine ndi Lusiya, mwana wa malemu mng'ono wanga, amene ndinamulera kuyambira ali ndi zaka 6. Mwamuna wake Lemani pa jeke yopanikizira fodya, kudinda mabelo. Wanga wakwana mabelo 3, wawo 14. Chaka chino mkamwini wanga wagwira ntchito, tinene zoona. Malata a nyumba yawo ndi sukulu ya ana atatu zili m'mabelo amenewo.

Feggie wadutsa pamsewu kasanu, chikwama paphewa. Kupita kuchigayo ndi chikwama cha Boma! Ulendo wachitatu anapatuka, anagwada bwinobwino pakhomo la chigafa. "Aphunzitsi, mukadzapeza mpata mudzandionetseko kalembedwe kake." Ndinamuyankha kuti amene anakusankha akuonetse. Lusiya anandiyang'ana cham'mbali. Asandiyang'ane.

Foni yakeyo imalira nyimbo. Yanga batani la 7 linafa chaka chatha.

Lachitatu, 9 Epulo

Msonkhano woyamba wa chilolezo. Pepala la chidindo chofiira analibaya pa mtengo ndi minga iwiri. Anthu 31. Feggie pa mpando wanga, uja wa mwendo womanga ndi waya. Ine pa mkeka, bondo likubaya. Kope langa ndinatengabe. Dzanja silinamve kuti lachotsedwa ntchito.

Nkhani yaikulu inali ya galimoto yonyamula mabelo kupita ku okushoni. Mphindi 48, osagwirizana kanthu, monga mwa masiku onse. Kenako wapampando anawerenga kalata yachiwiri yochokera ku ofesi ija. Tsopano amayi a Chigwirizano nawonso, ndi kwaya yomwe, azipempha chilolezo akafuna kukumana pakati pa sabata.

Lemani anaimirira. Mphindi 4. Mawu ake ndalemba onse, koma amene anaseketsa anthu ndi awa: "Boma likufuna kudziwa zimene tikulankhula. Bwanji silifunsa zimene tadya? Mawa munthu akatisiya tiziyamba tapita ku Boma kukapempha chilolezo cholirira." Anthu kuseka mpaka ena kugwira nthiti. Ine sindinaseke, pokhala mpongozi. Koma ananena zoona.

Maso anga anali pa Feggie. Pa mphindi 4 zonsezo cholembera chake chinayenda kawiri. Kawiri! Nthawi ina yonse ankathamangitsa nyerere pa buku.

Lachisanu, 11 Epulo

Feggie anabwera kudzatchaja foni pa sola yanga. Boma lapereka foni, moto ndipereke ine. Anasiya chikwama pakhonde n'kupita kukacheza ndi Lusiya. Sindinabe kanthu. Ndinangotsegula.

Msonkhano wa maola awiri, mizere 7. "Anthu anabwera ambiri ndithu." Ambiri angati? "Anakambirana za galimoto. Wina anadandaula za njala. Tinatseka ndi pemphero." Palibe dzina ngakhale limodzi. Palibe nthawi. Tsiku lomwe analiiwala, analiikira pambali pambuyo pake.

Izi n'zimene zikupita ku Boma m'dzina la kalabu yathu. Kumeneko aziti kuno kulibe munthu anaona sukulu. Zaka 36 ndili m'kalasi, 11 mwa zimenezo monga mphunzitsi wamkulu, n'kumaimiridwa ndi "ambiri ndithu."

Pakamwa pakuwawa ngati ndatafuna tsamba la fodya.

Lamulungu, 13 Epulo

Kutchalitchi. A mkulu wa mpingo powerenga zolengeza anathokoza "mlembi wathu wa Boma" potipezera chilolezo cha kwaya ya Pasaka. Anamuitana kuti akhale benchi yachiwiri. Ine yachinayi, pamene ndakhala kuyambira kale, koma lero ndinaona kuti ndi kutali.

Potuluka amayi 8 anamuzungulira. Uyu za chilolezo cha chinkhoswe, uyu za gulu lawo loumba njerwa. Kwa ine kunabwera mmodzi, kudzafunsa ngati mankhwala a kuthamanga kwa magazi afika kuchipatala. Kale makalata onse a m'mudzi muno ankadzera pakhonde panga. A ku Joni, a kukhoti, a chikondi omwe.

Chitenje cha Feggie chatsopano, cha maluwa achikasu. Sichimukhala.

Masana ndakopera maminitsi anga a Lachitatu pa mapepala oyera. Masamba 4, mizere yojambula ndi rula, dzina lililonse ndi nthawi yake. Kungofuna kuona kusiyana kwake. Ndawaika m'Baibulo.

Lachiwiri, 15 Epulo

Ku Boma, kukatenga mankhwala. Minibasi ya anthu 16 tinakwera 21, kuphatikizapo nkhuku 4. Pamzere kuchipatala ndinali wa 57.

Ofesi ya a Redson ili mapazi 212 kuchokera pa depoti. Masamba aja anali m'chikwama changa. Sindikudziwa kuti ndinawaikamo nthawi yanji. Ayi, ndikudziwa. M'mawa, ndisanamwe tiyi.

Ndinadikira mphindi 50 pa benchi. A Redson anayamba kuwerenga ataimirira, tsamba lachiwiri anakhala pansi. "Amayi, izi ndiye timafuna! Mpaka nthawi yomwe?" Anaitana mnzake kuti adzaone dzanja langa. Ananditumira chakumwa chozizira. Kuyambira tsiku limene ndinapuma ntchito palibe anandiyamikirapo chonchi.

Kenako anafunsa kuti Lemani ameneyu ndi wa mudzi uti. Ndinamuuza. Anati afufuza nambala yake yogulitsira fodya m'mafayilo, ine ndinati musavutike. Ndinaitchula pamtima. Manambala a anthu onse 34 ndimawadziwa pamtima. Anagwedeza mutu modabwa, ine n'kumva kukoma.

Kukomako kunandiperekeza mpaka pa mlatho wachiwiri. Kuchokera pamenepo mpaka pa Mtunthama ndinkangomva funso lija. Wa mudzi uti.

Ndinalemba zoona zokhazokha. Sindinawonjezere liwu. Angamutani munthu chifukwa cha nthabwala ya maliro?

Lachitatu, 23 Epulo

Masiku 8 osalemba.

Anabwera Lachinayi, 6:40 m'mawa. Amuna awiri, galimoto yoyera yopanda zolemba. Lemani anali akutsuka m'kamwa kuseri kwa nyumba. Akuti mafunso pang'ono chabe, abwerera masana. Lusiya anawathamangira ndi jekete, sanaime.

Lachisanu Loyera, Loweruka, Pasaka, Lolemba. Lusiya anapita ku Boma katatu. Ulendo woyamba anamuuza kuti kulibe munthu wa dzina limenelo. Wachiwiri, aliko koma saonedwa. Wachitatu anamuwerengera ndime: ofesi ili ndi mphamvu yosunga munthu masiku 7 popanda kumutengera kukhoti. Ndime imeneyo m'kalata ya pa 2 Epulo munalibe. Ndikudziwa, ndinamvetsera liwu ndi liwu.

Lemani wabwera dzulo. Masiku 5. Wapansi kuchokera pamsewu, nsapato zopanda zingwe, buluku atagwira ndi dzanja poti lamba anatsala komweko. Mlandu palibe, pepala palibe. Munthu wa nthabwala uja. Ndinamupatsa moni patali monga mwa mwambo, anangoti "Tabwera, amayi," maso pansi.

Choopsa ndi ichi: nambala yake aitseka. Mabelo 14 sangalowe ku okushoni. Msika watsegulidwa kale, galimoto ya kalabu inyamuka pa 6 Meyi. Akatsala, fodya ameneyo adzangoguga m'chigafa, kapena adzapita kwa mavenda pa mtengo wa chipongwe.

Mudzi wonse ukuti ndi Feggie. Ndani winanso, si ndiye ali ndi buku? Kumjigo amayi akumusiyira malo aakulu, ndowa yake yokha pakati. Wina waponya miyala 3 padenga pake. Lamulungu la Pasaka benchi yachiwiri anakhala yekha.

M'buku lino sindinalembepo bodza, choncho ndilemba. Nditamuona ali yekha pa benchi ija, mtima wanga unamva kukoma. Pang'ono, koma unamva.

Lusiya akundiphikirabe ndiwo. Ndikungoziika pambali.

Lachisanu, 25 Epulo

Feggie anabwera cha m'ma 3 koloko. Wopanda chikwama, amulanda. Ndinali kusenda nyemba. Anagwada monga kale, anakhala pansi, anayamba kundithandiza osapemphedwa.

Mawu ake ndiwalemba momwe ndikuwakumbukira.

"Masamba anayi aja anandionetsa, aphunzitsi, akuti taona mmene amalembera anzako. Dzanja lanu sindingaliphonye. Landilembera ziro zaka ziwiri."

Nyemba zinandigwa.

Anapitiriza, osakweza mawu. Akuti tsiku lija anthu anali 31, iyenso anawerenga. Akuti a Redson anayamba afika kwa wapampando sabata imodzi msonkhano wa pa 2 Epulo usanachitike, kufunsa munthu woyenera, ndipo wapampandoyo ndi Feggie anagwirizana. "Ndinavomera kuti ntchitoyi isapite kwa munthu wodziwa kulemba."

Munthu wodziwa kulemba. M'mudzi muno alipo mmodzi.

Ndiye kuti wapampando anakambirana ndi Feggie, osati ndi ine. Zaka 17 ndikukhala kudzanja lake lamanja. Anaona kuti chinsinsi angasunge ndi Feggie. Chimene chikundiwawa n'chakuti sanalakwitse.

Ndinamufunsa chifukwa chake sakuwauza anthu, miyala ikugwa padenga pake chonsecho. Anati: "Denga ndi denga. Lusiya mayi ali naye mmodzi yekha."

Anamaliza nyemba zonse, anakutumula chitenje, anatsanzika. Ndakhala pano mpaka nkhuku kulowa. Ndimafuna ndimupeze cholakwa. Mwana amene sankatha kugawa 12 kwa anthu 4 wandiposa nzeru, ndipo tsopano wandiposanso mtima. Ngakhale kukoma mtima kwake ndikumuchitira nsanje. Mulungu andikhululukire, zaka 71.

Lolemba, 28 Epulo

A Redson, pa njinga yamoto, 10:15. Chikwama, buku lakuda, foni. Zonse anaika pa tebulo langa. Anthu 12 anaonerera ali m'makonde mwawo.

Ndinati maso ayamba kuvuta. Anaseka, akuti maso amene analemba masamba aja alibe vuto. Ndinati ndakalamba. Anasiya kuseka. "Amayi, munthu wokana ntchito ya bata ife timadabwa naye. Nanunso muli ndi nambala, si choncho?" Ndinasaina.

Anasiya kalata yachitatu yoti ndikawerenge Lachitatu. Maliro azidziwitsidwa ku ofesi mwambo usanayambe, ndi mayina a onse odzalankhula kumanda. Nthabwala ya Lemani yakhala lamulo pa masiku 19.

Ndinamufunsa za nambala ya mkamwini wanga. Akuti nkhaniyo ili pamwamba. Pamwamba pati, sananene.

Atangochoka Lusiya analowa. Sanakhale pansi. Anayang'ana chikwama nthawi yaitali. "Amayi, amuna anga, bambo a Yankho, akuti kumene kuja ankawawerengera mawu awo pa pepala lojambula ndi rula."

Ndinamuuza zonse. Mphindi 6. Sanalire, sanatukwane. Anatenga mbale yake ya ndiwo ya dzulo, yosatsuka, n'kutuluka.

Lachiwiri, 29 Epulo

Palibe wabwera. Kuchokera pakhonde langa kufika pakhomo la Lusiya ndi mapazi 40.

Foni ija yalira kamodzi, uthenga wa kampani. Nyimbo yake ndi yonyansa ukaimvera pafupi.

Lachitatu, 30 Epulo

Msonkhano. Anthu 29. Ine pa mpando wanga. Waya uja wamasuka, palibe anaumanga.

Pemphero lotsegulira. Ndinawerenga kalata ya maliro, osakodwa ngakhale kamodzi. Wapampando anafunsa ngati pali ndemanga. Zii. Anafunsa za galimoto ya pa 6, nkhani imene timakanganirana chaka ndi chaka mpaka ena kuvula zipewa. Zii. Ndinawerenga maso amene anali pa cholembera changa, ndinasiyira pa 20. Pemphero lotsekera. Mphindi 11 zonse pamodzi.

Maminitsi anga a lero: mizere 3. A Feggie aja anali 7.

Pobalalika amayi anamuzunguliranso Feggie, 13 tsopano. Mmodzi anamunyamulira mkeka. Amene anaponya miyala ndikumuganizira, ndiye anali kumuseketsa kwambiri. Alibe chikwama, alibe foni, chitenje chakale chong'ambika m'mphepete, koma onse ali kwa iye. Ankayenda pang'onopang'ono, akunong'onezana. Ndikayandikira, nkhani ya mvula.

Mpando ndinanyamula ndekha.

Loweruka, 3 Meyi

Kuyambira 7 koloko anthu akulowa m'chigafa cha Feggie. Awiriawiri, atatu, ena kudzera kumunda wa chinangwa. Aliyense chiguduli m'khwapa. Ngolo ya Lemani yapita maulendo 4, yofunditsa mapesi pamwamba. Jeke ananyamula amuna 6.

Palibe wandiuza, koma ndili ndi maso. Akumasula mabelo 14 aja, fodya agawane, aliyense adinde m'mabelo ake n'kukagulitsa pa nambala yake, Lemani adzalandire zake pambuyo. Malamulo awiri athyoka nthawi imodzi: kukumana popanda chilolezo, ndi kugulitsa fodya wa munthu wotsekeredwa. Zikadziwika, manambala onse atsekedwa. Chaka chonse cha mudzi uno chili m'chigafa chimenecho.

Ndawerenga katatu. Anthu 23.

Mabelo anga 3 ndi opepuka, malo alimo. Akanandipempha. Kumeneko kukumveka kuseka, ndipo kamodzi ndamva mawu a Lemani, koyamba chibwerere.

11:05 foni inalira. A Redson. Akuti amva mphekesera kuti kwathu kuno kuli gulu, wina wodutsa pa njinga waona anthu akulowa m'chigafa. Galimoto ilipo, koma mafuta ndi ochepa, safuna kuyenda ulendo wachabe. "Inu simuphonya, amayi. Alipo angati?"

Ndinali pakhonde. Chigafa chili apo, mapazi 90. Lusiya anali atangotuluka kudzataya madzi, anandiona foni ili kukhutu, anaima chilili ndi beseni m'manja.

Ndinati alipo 7. Amayi okhaokha, akuthandizana kusankha fodya wa Feggie, poti wachedwa naye monga amachedwera ndi zonse. Anayamba 8:30.

Anafunsa ngati ndawerenga bwino. Ndinati: "Mwana iwe, ndaphunzitsa masamu zaka 36." Anaseka, anapepesa, akuti galimoto aitumiza kwina.

Ndalemba zomwezo m'buku lakuda. Tsiku, nthawi, mayina 7, mizere ya rula. Nambala yabodza yoyamba m'moyo wanga. Zilembo zatuluka zokongola kuposa masiku onse.

Lusiya sanamve zimene ndinanena, anali patali. Anabwerera m'kati mothamanga, kuseka kunasiya. Mphindi 35 kunali zii, akudikira galimoto. Kenako jeke inayambanso kulira.

Palibe adzadziwe. Ndikawauza sakhulupirira, ndipo akakhulupirira wina adzalankhula kumjigo. Galimoto ya mabelo ikanyamuka Lachiwiri adzathokoza Feggie. Adzamuphera nkhuku. Lamulungu adzamuitananso ku benchi yachiwiri.

Amuthokoze. Koma Feggie akananena kuti alipo 7, galimoto ya a Redson ikanabwera. Zimenezi zokha sangazithe.

Alowanso awiri. 25.